Kuwerengera mphamvu pa funso la fizikisi: jambulani mivi musanagwire kakyuleta

Ophunzira ambiri fomula ya F = ma amaidziwa pamtima. Koma funso likabwera ndi bokosi, chingwe ndi thabwa lotsetsereka, amangotola nambala iliyonse yomwe yalembedwa ndi N n'kuiponya pa F. Kakyuleta siikana, yankho limatuluka ndithu, koma lolakwika. Masamu ake si amene amavuta. Chomwe chimagwetsa anthu ndi kusadziwa kuti F ya mu fomulayi ndi mphamvu iti, komanso kuti ikuchokera kwa yani.

Mu fizikisi, mphamvu ndi kukankha kapena kukoka komwe chinthu chimodzi chikuchita pa chinzake. Pamafunika zinthu ziwiri, chochita ndi chochitiridwa. Si katundu yemwe chinthu chimayenda naye m'kati mwake. Mpira ukangochoka paphazi, phazi lasiya kuukankha, ndipo palibe "mphamvu ya phazi" yomwe yatsalira mu mpirawo. Mphamvu ili ndi kukula kwake, ili ndi komwe ikulowera, ndipo ntchito yake ndi kusintha kayendedwe ka chinthu: kuchiwonjezera liwiro, kuchichepetsera liwiro, kapena kuchikhotetsa. Timaiyeza ndi ma newton, mwachidule N. Newton imodzi ndi mphamvu yomwe imawonjezera liwiro la chinthu cha kilogalamu imodzi ndi mita imodzi pa sekondi, sekondi iliyonse. Mukafuna kuimva, ikani chinthu cha magalamu 100 pachikhatho. Chikukukanikizani ndi pafupifupi 1 N.

## Zofunika kukhala nazo

- Pepala lokhala ndi malo okwanira. Chithunzi chanu chitenge theka la tsamba, osati kangodya ka m'mphepete.
- Pensulo ndi chofufutira, chifukwa mivi ina mudzaifufuta.
- Rula, komanso protractor ngati funso lili ndi madigiri.
- Kakyuleta yokhala ndi sin ndi cos. Iyeseni kaye: sin 30 ikuyenera kupereka 0.5. Ikapereka −0.988, ndiye kuti ili pa RAD, ibwezereni pa DEG.
- Nambala ya g (kuwonjezeka kwa liwiro la chinthu chogwa pa sekondi iliyonse), yomwe padziko lapansi ndi pafupifupi 9.8 m/s². Funso likanena kuti mugwiritse ntchito 10, tsatirani funsolo.
- Ngati mukufuna kuyesa ndi manja: sikelo ya sipuling'i yokolowekapo zinthu, chingwe, ndi buku lolemera.

Tiyenda ndi funso limodzi. Bokosi la makilogalamu 20 lili pansi posatsetsereka. Munthu akulikoka ndi chingwe chomwe chili mopingasa, ndi mphamvu ya 100 N, ndipo bokosilo likukhwekhwereka. Nambala ya frikishoni (kukhulana kwa bokosi ndi pansi), yomwe imalembedwa μ, ndi 0.3. Tikufuna kudziwa kuti liwiro la bokosilo likuwonjezeka bwanji pa sekondi iliyonse. Kusintha kwa liwiro kumeneku ndi komwe mabuku amakutcha acceleration, ndipo ndi a wa mu fomula ija.

## 1. Sankhani chinthu chimodzi chokha

M'funso lathu muli munthu, chingwe, bokosi, pansi, ndi dziko lonse. Funso likufunsa za bokosi, ndiye jambulani bokosi lokha, lopanda munthu, lopanda chingwe, lopanda mzere wa pansi. Kabokosi kapena kadontho n'kokwanira.

Chenjezo: pachithunzichi pazibwera mphamvu zomwe zikuchitika pa bokosi basi. Bokosi nalo likukanikiza pansi, likukokanso chingwe, koma mphamvu zimenezo zikugwera pansipo ndi pachingwe, osati pabokosi. Funso likakhala ndi zinthu ziwiri zomangana, monga galimoto yokoka ngolo, jambulani zithunzi ziwiri zosiyana.

## 2. Sinthani mayunitsi pompano

F = ma imapereka ma newton pokhapokha masi, m wa mu fomulayi, ali mu makilogalamu, mtunda mu mamita, nthawi mu masekondi. Magalamu 500 akhale 0.5 kg. Liwiro la makilomita pa ola muligawe ndi 3.6, mwachitsanzo 72 km/h ikhale 20 m/s. Musadikire kuti mudzasintha kumapeto, mudzaiwala.

## 3. Yambani ndi kulemera

Muvi woyamba ndi wa kukoka kwa dziko. Uyambire pakati pa chinthucho n'kuloza pansi penipeni, kaya chinthucho chili pathebulo, pamtsetse, kapena chili m'malere. Ulembeni W, ndipo kukula kwake ndi W = mg.

Bokosi lathu: 20 × 9.8 = 196 N.

Apa ndi pomwe ambiri amayambira kusochera. Makilogalamu 20 ndi masi a bokosi, ndipo masi si mphamvu. Masi amanena kuti chinthu n'chovuta bwanji kuchisintha liwiro, ndipo sasintha kulikonse komwe mungachitengere. Kulemera ndi mphamvu, ndipo kumadalira malo. Bokosi lomweli ku mwezi, komwe g ndi pafupifupi 1.6 m/s², lingalemere 32 N zokha, ku Mars pafupifupi 74 N, koma masi ake ndi 20 kg konseko. Nambala ya makilogalamu isapezeke pa muvi ngakhale kamodzi.

## 4. Yendani mozungulira chinthucho, muone chomwe chachikhudza

Kupatula kukoka kwa dziko, kwa maginito, ndi kwa magetsi, mphamvu zonse zomwe mukumane nazo pa mafunso otere zimafika kudzera m'kukhudzana. Ndiye tengani nsonga ya pensulo muyende m'mphepete mwa chinthucho pa chithunzi cha funso. Pomwe mwakumana ndi chinthu china, imani, mufunse kuti chinthu chimenechi chikukankha kapena chikukoka.

Chingwe chimakoka kokha, sichingakankhe. Muvi wake, T, uchoke pabokosi n'kutsatira chingwecho. Kwa ife T = 100 N, kumanja.

Pansi pamachita zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi muvi wake. Choyamba, pamakankha bokosi kuti lisabowole n'kulowa m'kati. Muvi umenewu, R, umapanga madigiri 90 ndi malo omwe chinthucho chakhalapo. Pansi pakakhala posatsetsereka umaloza kumwamba, pakapendekeka nawonso umapendekeka. Chachiwiri, pamakhulana ndi bokosi. Imeneyo ndiye frikishoni, f, ndipo muvi wake umagona motsatira pansipo, kutsutsana ndi kukhwekhwereka. Bokosi likupita kumanja, f ikuloza kumanzere.

Mpweya nawo ukulikhudza bokosilo, koma pa liwiro lochepa chonchi mphamvu yake ndi yaing'ono kwambiri. Muujambule pokhapokha funso lautchula, kapena chinthucho chikuthamanga kwambiri.

Mukamaliza kuzungulira, mwamaliza mivi. Bokosi lathu lili ndi inayi: W, R, T ndi f.

## 5. Muvi uliwonse muupezere mwini wake

Sitepe iyi ambiri amaidumpha, koma ine ndimaiona kuti ndi yomwe imapulumutsa malikisi ambiri kuposa zonse. Pa muvi uliwonse nenani chiganizo ichi mpaka kumapeto: "Chakuti chikukankha bokosi" kapena "Chakuti chikukoka bokosi." Dziko likukoka bokosi. Pansi pakukankha bokosi. Chingwe chikukoka bokosi. Pansi pakukhula bokosi. Muvi womwe mwalephera kutchula mwini wake, ufufuteni, ngakhale mtima ukukuuzani kuti ukuyenera kukhalapo.

Muvi womwe umafufutidwa kawirikawiri ndi uja anthu amaujambula kutsogolo kwa chinthu choyenda n'kuutcha "mphamvu ya kuyenda". Taganizani za mwala womwe waponyedwa m'mwamba, ndipo uli pakati pa ulendo wake wokwera. Dzanja linausiya kale. Chikuukhudza ndi mpweya wokha, ndipo mpweyawo ukuubweza. Chikuukoka ndi dziko, kulowera pansi. Palibe chilichonse chomwe chikuukankhira kumwamba. Ukukwerabe chifukwa unapatsidwa liwiro, ndipo liwirolo likutha pang'onopang'ono chifukwa mphamvu zonse zomwe zilipo zikuloza pansi.

N'zomveka kuti maganizo amakana zimenezi, chifukwa pa moyo wa tsiku ndi tsiku ukasiya kukankha chinthu chimaima. Koma chimaima chifukwa cha frikishoni, yomwe ndi mphamvu ina, ya mwini wina. Komwe kulibe chokhula, chinthu chimangopitirira. Chombo cha Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977, chikuyendabe pafupifupi makilomita 17 pa sekondi popanda injini yochikankhira kutsogolo. Limeneli ndi lamulo loyamba mwa malamulo atatu omwe Isaac Newton anafalitsa mu 1687: kuyenda pa liwiro losasintha mumzere wowongoka sikufuna mphamvu, chomwe chimafuna mphamvu ndi kusintha kayendedweko.

## 6. Sankhani mbali ya pulasi

Jambulani timivi tiwiri pambali pa chithunzi, kosonyeza x ndi kosonyeza y. Chophweka ndi kuika x kulowera komwe chinthu chikupita. Kwa ife kumanja ndi pulasi, kumanzere ndi mainasi. Kumwamba ndi pulasi, pansi ndi mainasi. Mutha kusankha mwina, bola musasinthe pakati pa samu.

## 7. Pezani mphamvu yotsala, mbali iliyonse payokha

Mivi ya x muiphatikize ndi ya x inzake, ya y ndi ya y inzake. Osaphatikiza 196 N yoloza pansi ndi 100 N yoloza kumanja ngati manambala wamba.

Yambani ndi y. Bokosi silikunyamuka, silikumiranso pansi, kotero mphamvu za mbali imeneyi zikuthetsana:

R − 196 = 0, ndiye R = 196 N.

Tsopano frikishoni. Pa chinthu chomwe chikukhwekhwereka, f = μR:

f = 0.3 × 196 = 58.8 N.

Kenako x:

100 − 58.8 = 41.2 N, kumanja.

Imeneyi ndiye mphamvu yotsala, ndipo ndi yokhayi yomwe ili ndi malo pa F ya mu F = ma. Osati 100 N ya chingwe.

## 8. Tsopano gwiritsani ntchito F = ma

a = 41.2 ÷ 20 = 2.06 m/s², kumanja.

Tanthauzo lake n'lakuti sekondi iliyonse bokosi likuwonjezera liwiro ndi mamita 2.06 pa sekondi. Lembani yuniti, lembaninso komwe ikulowera. Dziwani kuti a amaloza komwe mphamvu yotsala ikuloza, osati komwe chinthu chikupita. Galimoto yomwe yaponda mabuleki ikupita kutsogolo, koma mphamvu yotsala ndi a zikuloza kumbuyo.

Mphamvu yotsala ikatuluka ziro, musathamangire kunena kuti chinthu chaima. Munthu uja akanakoka ndi 58.8 N yeniyeni bokosi lili kale m'kuyenda, likanapitirira pa liwiro lomwelo, osawonjezera, osachepetsa.

## 9. Unikani yankho musanatembenuze tsamba

Dzifunseni ngati nambalayo ikumveka. Chinthu chomwe chikungotsetsereka chokha sichingapose 9.8 m/s². R singatuluke ndi mainasi, chifukwa pansi sipakoka. Mukapeza kuti f ndi yaikulu kuposa mphamvu yokoka ndipo bokosi lomwe linangokhala likuyamba kubwerera m'mbuyo, mwalakwitsa, chifukwa frikishoni payokha siingabweze bokosi lokokedwa. Yankho loona pamenepo n'lakuti bokosilo silinasunthe.

## Chingwe chikapendekeka

Tisinthe chinthu chimodzi: chingwe chomwe chija, 100 N yomweyo, koma chakwezedwa madigiri 30 kuchokera pansi. Muvi wa T tsopano suli pa x, suli pa y. Ukuyenera kugawidwa pawiri.

Gawo lopita kumanja: 100 × cos 30 = 86.6 N.
Gawo lopita kumwamba: 100 × sin 30 = 50 N.

Kuti musasokoneze sin ndi cos, onani pomwe madigiri ayezedwera. Gawo lomwe lagona pa mzere womwe madigiri ayambira limatenga cos, linalo limatenga sin. Mukakayika, yerekezani kuti madigiriwo atsika mpaka ziro. Chingwe chagona mopingasa, mphamvu yonse ikupita kumanja, ndipo cos 0 ndi 1. Zagwirizana.

Mukagawa muvi, dulani woyamba uja ndi timizere tiwiri kuti musauwerengenso kachiwiri.

Msampha uli pa R. Ambiri amalemba R = 196 N mwachizolowezi, koma tsopano chingwe chikuthandiza kunyamula bokosi:

R + 50 − 196 = 0, ndiye R = 146 N.
f = 0.3 × 146 = 43.8 N.
Yotsala: 86.6 − 43.8 = 42.8 N.
a = 42.8 ÷ 20 = 2.14 m/s².

Taonani bwino zomwe zachitikazi, chifukwa n'zosangalatsa. Mphamvu yokokera kutsogolo yachepa, kuchoka pa 100 kufika pa 86.6, koma bokosi likuwonjezera liwiro msanga kuposa poyamba, 2.14 m'malo mwa 2.06. Kukweza chingwe kwapeputsa bokosi pansipo, frikishoni yatsika ndi 15 N, pomwe kukoka kwatsika ndi 13.4 N zokha. Ukakankha katundu yemweyo dzanja litaloza pansi, zimatembenuka: umamukanikizira pansi, R imakula, frikishoni imakula. Munthu amene analoweza kuti R = mg sangazione zimenezi. R ilibe fomula yake yokhazikika, imapezeka kuchokera ku mbali ya y nthawi iliyonse.

## Pamalo otsetsereka

Ikani bokosi lomwelo pathabwa lopendekeka madigiri 30, popanda chingwe, ndipo likutsetsereka. Mivi ndi itatu: W yoloza pansi penipeni, R yotuluka pathabwa pa madigiri 90, ndi f yoloza kumtunda motsatira thabwa.

Apa pendeketsani x ndi y wanu. x atsatire thabwa kulowera kumunsi, y atsatire R. Mukatero R ndi f zakhala kale m'malo mwake, ndipo wofunika kugawidwa ndi W yekha.

Gawo lotsatira thabwa: 196 × sin 30 = 98 N.
Gawo lokanikiza thabwa: 196 × cos 30 = 169.7 N.

Onani kuti apa sin ndi amene ali pa x. Yesaninso ndi ziro: thabwa likagona, palibe chokokera bokosi m'mbali, ndipo sin 0 ndi 0.

R = 169.7 N, f = 0.3 × 169.7 = 50.9 N, yotsala ndi 98 − 50.9 = 47.1 N, ndipo a ndi pafupifupi 2.4 m/s² kulowera kumunsi.

## Mu chikepe

Munthu wa 60 kg waima pa sikelo mu chikepe. Mivi ndi iwiri yokha, W = 588 N pansi ndi R kumwamba. Sikelo imawerenga R, osati W. Chikepe chikamanyamuka kukwera ndi a = 1.5 m/s²:

R − 588 = 60 × 1.5, ndiye R = 678 N.

Chikamayamba kutsika ndi 1.5 yomweyo, R ndi 498 N. Chikakhazikika pa liwiro limodzi, kaya chikukwera kaya chikutsika, R ndi 588 N. Kulemera ndi kupepuka komwe munthu amamva mu chikepe ndi kusintha kwa R. Dziko likumukoka ndi 588 N nthawi yonseyi.

## Yesani ndi manja

Mangani buku ndi chingwe, kolowekani ku sikelo ya sipuling'i, ndipo kokani pang'onopang'ono pathebulo maso ali pa sikelo. Nambala izikwera buku lisakusuntha. Ikafika penapake buku lidzadzidzimuka n'kuyamba kuyenda, ndipo kawirikawiri nambala imatsika pang'ono. Pitirizani kukoka pa liwiro limodzi, muona nambalayo ikukhazikika. Yomwe mukuwerengayo ndi frikishoni ya kukhwekhwereka, popeza mphamvu yotsala ndi ziro. Sanjikizani buku lina lofanana pamwamba, nambala ikhala pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ngati sikelo yanu yalembedwa makilogalamu, chulukitsani ndi 9.8 kuti mupeze ma newton. Gwirani sikelo mopingasa, ndipo onetsetsani kuti ikuyambira pa ziro ili chigonere.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kugwiritsa ntchito f = μR pa chinthu chomwe sichikusuntha. Pa chinthu chongokhala, μR ndi malire, si kukula kwa frikishoni. Tinene kuti bokosi lathu limayamba kusuntha pa μ ya 0.4, kutanthauza 78.4 N. Mukalikankha ndi 40 N, frikishoni ndi 40 N. Mukalikankha ndi 70 N, ndi 70 N. Imangofanana ndi zomwe mwaipatsa mpaka malirewo atapyoledwa, monga munaonera pa sikelo ija.

Kunena kuti W ndi R ndi mapasa a lamulo lachitatu. Lamulo lachitatu la Newton limati A akakankha B, B amakankha A ndi mphamvu yofanana kukula, yolowera kosiyana. Mphamvu ziwirizi zimagwera pa zinthu ziwiri zosiyana, kotero sizingapezeke pachithunzi chimodzi, ndipo sizingathetsane. W ndi R zonse zili pabokosi. Mnzake wa "dziko likukoka bokosi" ndi "bokosi likukoka dziko", ndi 196 N yomweyo. Dziko silioneka kusuntha chifukwa masi ake ndi pafupifupi 6 × 10²⁴ kg. Kuti mupeze mnzake wa mphamvu iliyonse, tengani chiganizo cha pa sitepe 5 n'kusinthanitsa mayina awiriwo. Chitsanzo cha chikepe chaonetsa kale kuti R imatha kusiyana ndi W, pomwe mapasa enieni sasiyana.

Kuganiza kuti chachikulu chimamenya ndi mphamvu yambiri. Lole ikawombana ndi galimoto yaing'ono, mphamvu yomwe lole yapereka ndi yofanana ndi yomwe yalandira. Chosiyana ndi a, chifukwa mphamvu yomweyo ikugawidwa ndi masi osiyana. Yaing'onoyo imasintha liwiro mwadzidzidzi kwambiri, n'chifukwa chake okweramo amavulala koposa.

Kujambula ma ngati muvi. Mu F = ma, mbali ya kumanzere ndi mphamvu zonse zitaphatikizidwa, mbali ya kumanja ndi zotsatira zake. ma alibe mwini, ndiye alibe muvi.

Kulemba kuti mphamvu ndi ziro pomwe liwiro ndi ziro. Mwala ukafika pamwamba penipeni liwiro lake ndi ziro kwa kamphindi, koma W ilipobe ndipo a ndi 9.8 m/s² kulowera pansi. Mphamvu ikanakhala ziro, mwalawo ukanakhala m'malere momwemo.

Kunena kuti cholemera chimagwa msanga. Chinthu cha masi owirikiza kawiri chimakokedwa ndi mphamvu yowirikiza kawiri, koma n'chovutanso kuchisuntha kuwirikiza kawiri. Mu mg = ma, m amachoka mbali zonse, kutsala a = g. Chomwe chimachedwetsa nthenga ndi mpweya. Mu 1971 David Scott wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga ali pamwezi, komwe kulibe mpweya, ndipo zinafika pansi limodzi.

Kuwonjezera muvi wokankhira kunja pa kona. Galimoto ikamakhota, wokwera amamva ngati akuponyedwera kunja, koma muvi umenewo ulibe mwini. Thupi likufuna kupitirira mowongoka, ndipo mpando, lamba kapena chitseko zikulikankhira m'kati mwa kona. Mphamvu yotsala imaloza pakati pa bwalo, ndipo kukula kwake ndi mv²/r, pomwe v ndi liwiro ndipo r ndi mtunda wochokera pakati pa bwalolo kufika pa galimoto. Galimoto ya 1,000 kg pa 10 m/s, pa kona ya r = 50 m, imafuna 2,000 N kuchokera ku frikishoni ya matayala. Liwiro likawirikiza kawiri imafuna 8,000 N. Msewu ukalephera kupereka imeneyo, galimoto imalephera kukhota mokwanira n'kusiya kona.

Kunena kuti m'mlengalenga mulibe kukoka kwa dziko. Chombo cha International Space Station chimazungulira dziko pa mtunda wa pafupifupi makilomita 400, ndipo kumeneko kukoka kwa dziko kudakali pafupifupi 90 peresenti ya komwe tili nako pansi pano. Okhalamo amayandama chifukwa iwo ndi chombocho akugwa limodzi mozungulira dziko, kotero palibe pansi powakankha. Yomwe yasowa ndi R, W ilipo.

Kusokoneza ma newton, ma joule ndi ma watt. Polankhula zonsezi timangoti mphamvu, koma pa pepala ndi zinthu zitatu. Kukankha ndi kukoka ndi ma newton. Eneji ndi ma joule, ndipo joule imodzi ndi ntchito ya 1 N itasuntha chinthu mita imodzi kulowera komwe ikukankha. Watt ndi joule imodzi pa sekondi. Mpira womwe uli m'malere wanyamula eneji, osati ma newton a phazi.

Kuiwala nthawi pa mafunso a kuima. Funso lakuti "pakufunika mphamvu yochuluka bwanji kuimitsa galimoto" lilibe yankho mpaka mutadziwa nthawi kapena mtunda woimira. Galimoto ya 1,000 kg yoyenda 20 m/s ikaima m'masekondi 4, a ndi −5 m/s² ndipo F ndi 5,000 N kulowera kumbuyo. Ikawomba khoma n'kuima mu sekondi 0.1, a ndi −200 m/s² ndipo F ndi 200,000 N. Wokwera wa 60 kg akaima pa nthawi yomweyo amalandira 12,000 N, kuposa kulemera kwake maulendo 20. Lamba, chikwama cha mpweya ndi kutsogolo kwa galimoto komwe kumapindika zimatalikitsa nthawi yoimayo kuti F ichepe. Pa mafunso otere pezani a kaye, pochotsera liwiro loyamba ku liwiro lomaliza n'kugawa ndi nthawi, kenako muchulukitse ndi masi.